Moni wa Mayina Athunthu pa Wailesi ya ku Skerries

Lolemba

...ndiye ketulo ija n'kuyamba kulankhula! Gogo wachizungu uja, amene nyumba yake yayandikana ndi mlongoti wa wailesi yathu, akuti wangoiika pamoto, akumva mawu anga akutuluka pakamlomo ka ketulo: "Muli ndi ine Namondwe, kuchokera kuno ku Skerries!" Akuti anagwada pansi n'kuyamba kulapa machimo. Ndili mkati mowafotokozera anzanga nkhani imeneyi pa shifiti, tikupukuta mipando ya m'ndege, foni ikulira. Ndi mdala Fintan, mwini wailesi. Akuti ndipite masana ano, pali nkhani.

Ndikukwera basi kuchoka ku Swords, kumene timakhala kuno ku Ireland, kupita ku Skerries. M'njira monse nyumba zosamaliza zokhazokha, makireni onyamulira zomangira angoti njo ngati anthu odikira mtembo. Risesheni iyi, chuma kugwa chonchi! Azungu nawo ayamba kufunsa mtengo wa anyezi asanagule.

Wailesi yathu ndi ya AM, ili pamwamba pa shopu imene kale inkagulitsa makapeti. Situdiyo yake ndi yaikulu zedi, ukayetsemula umagunda makoma onse anayi. Makina owulutsira mawu ali m'kashedi kumunda wa kabichi, ndi akale kuposa agogo anga, ndipo amadya magetsi ngati njovu m'munda wa chimanga.

Fintan wagwira mutu. Akuti amene ankalipira kuti tiziwatsatsira malonda atha: omanga nyumba agwa, ogulitsa magalimoto agwa, a makapeti pansipa mwaona nokha. Watsala wogulitsa mabokosi a maliro yekha, bizinesi yosadziwa risesheni. Ndiye kuyambira mwezi wamawa makina azizimitsidwa msanga Loweruka. Maola awiri a Chichewa asanduka limodzi.

Limodzi! Ndipo tilipo awiri. Ine ndi Dalitso.

Dalitso ndi kamnyamata ka sikolashipu, kakupanga masitazi ku yunivesite. Sikafu m'khosi ngakhale m'nyumba. Amalankhula pang'onopang'ono ngati akufunsira mbeta pamaso pa amalume ake. Pulogalamu yake ndi yofotokoza momwe ungalembetsere mwana sukulu, momwe ungaonanire ndi dokotala, zoterozo. Tulo tokhatokha. Yanga ndi nyimbo, nthabwala, ndi mawu olankhulitsa ziwiya za kukhitchini.

Chigamulo cha mdala: Loweruka lino theka la ola Dalitso, theka ine. Amene foni ya mu situdiyo imulirire kwambiri, ola ndi lake.

Ndaseka mpaka Fintan wandifunsa ngati ndili bwino. Pulani ndili nayo kale. Moni! Mmalawi ndi dzina lake pa wailesi, mungawalekanitse? Kwathu munthu amagulitsa nkhuku n'kugula mabatire kuti angomva akumutchula. Ndisonkhanitsa Amalawi onse a mu Dublin, ndiwapatse moni mmodzimmodzi monga timachitira kumudzi: dzina lathunthu, kwawo, ndi kachitamando pamwamba. Foni ya Fintan isungunuka. Dalitso azidzandipangira tiyi.

Lachiwiri

Kavuto kakang'ono. Amalawi a kuno alibe wailesi ya AM.

Ndaimbira anthu tsiku lonse. Mayankho:

"Wailesi? Achimwene, ife timamvera pa laputopu."

"Ya m'galimoto ilipo, koma galimotoyo ndinagulitsa."

"Kodi mumalankhuladi pa wailesi? Ine ndimayesa nthabwala."

Nthabwala! Munthu ndakhala ndikung'ambika kukhosi Loweruka lililonse. Ndiye ndimalankhula ndi ndani nthawi yonseyi?

Palibe kanthu. Namondwe sabwerera chifukwa cha ambulera. Ndazungulira mashopu a kaunjika, aja amalandira katundu wa anthu omwalira. Mawailesi a AM ali mbwee, mwina chifukwa eni ake onse ndi amene akumwalirawo. Ndadzaza chikwama cha kusukulu cha mwana wanga Tadala ndi jumbo yakuda. Imodzi ikununkha fodya wa kaliwo, ina ili ndi korona womangidwa pachogwirira. Imeneyo ikoka mawu ndi mphamvu ziwiri.

Mayi a Tadala andilandira pakhomo: "Bambo a Tadala, nyumba ino mwaisandutsa manda a mawailesi?"

Ndayatsa imodzi kuti aone. Kuno ku Swords ikumveka, ngakhale ikuthetheka ngati akukazinga ngumbi. Kenako mkazi wanga, amene ndinamulipirira basi kuchoka ku Ntcheu tili pachibwenzi, akuti: "Iyi mundisiyire. Mnyamata wa sikafu uja ndimafuna ndizimumva bwino, ali ndi mawu ofewa."

Mawu ofewa. M'nyumba mwanga. Mapapaya owola nawo ndi ofewa.

Ndamuimbira Fintan kumufunsa ngati timafika ku Coolock, kumene kuli Amalawi ambiri. Wayamba ndi kutsokomola. Akuti AM imakonda madzi amchere. Mawu athu akachoka pamlongoti amathamangira kunyanja, amawoloka mpaka kutsidya, koma akalowera kumtunda amakagunda mafakitale a ku Coolock n'kufera pomwepo.

Ndiye kuti nsomba zonse za m'nyanja ya Ireland zimandidziwa. Ndi omvera ambiri amenewo. Kungoti zilibe foni.

Lachitatu

Ku Coolock ndi jumbo yanga ya mawailesi, ndi ija mayi a Tadala amafuna yomwe. Ndafikira kwa Mai Phiri. Mayi amenewa agwira ntchito yosamalira okalamba zaka zambirimbiri, ndipo nyumba yawo ndi bwalo la Amalawi onse. Ukafuna bonya wobwera m'sutikesi, ukafuna nkhani, ukafuna mkazi, umapita kwa Mai Phiri.

Tasaka mawu a wailesi m'nyumba monse ngati tikusaka mbewa. Pabalaza: shhhh. Kukhitchini: dzzzz. Kuchipinda kwa ana ikugwira anthu olankhula Chifalansa. Pomaliza tawapeza! Chimbudzi cham'mwamba, pawindo, wailesi itayang'ana kumpoto, waya wopachikira malaya titamangirira kumpope. Pamafunika kuzimitsa filiji ndi mababu onse. Ukatero Fintan akumveka ngati akulankhula ali m'botolo, koma akumveka.

Mai Phiri avomera. Loweruka aitana anthu onse, adzakhala pamasitepe, chitseko cha chimbudzi chili chotsekula. Ndani winanso mu Dublin muno amene anadzazapo anthu kuchimbudzi ndi mawu okha?

Ndagawira anthu mawailesi onse, kenako ndatulutsa nkhani ya mayina. Mpamene zinthu zayamba kupendekeka.

A Banda, Mzambiya wa ku Chipata amene amatsuka magalimoto kuseri kwa galaja ina, adzuka pampando: "Iwe mudala, usanitomole zina pa wailesi. Ine pa mapepala sinisebenza. Ufuna ba imigireshoni banitenge?"

A Mbewe andikokera panja, akunong'ona: "Ine Loweruka ndimakhala ku shifiti. Mwamva? Ku shifiti." Ine ndikudziwa bwino shifiti yake. Timakumana m'shopu ya juga ku Swords, akukalipira mahatchi a pa TV ngati ana awo.

Mai Phiri eniake: "Moni mutipatse, bambo a Tadala, koma dzina ayi. Kuno munthu umayenda chozemba. Ndipo za ku Area 25 zija mukazitchule, ndikuthyolani." Akumanga nyumba ku Lilongwe mwakachetechete, amuna awo sakudziwa, poopa kuti achibale a kuchimuna angayambe kusankhiratu zipinda. Ine ndinadziwa chifukwa mlamu wanga ndiye anawakhomera denga.

Onse akufuna moni. Palibe akufuna kutchulidwa. Ndiye ndipereke moni kwa ndani, mphepo?

Ndipo chopweteka n'chiti? Pamwamba pa filiji ya Mai Phiri ndaona mulu wa ma CD. Pa iliyonse palembedwa bwinobwino ndi cholembera chakuda: Dalitso. Kamnyamata kaja kamajambula pulogalamu yake n'kumagawa kutchalitchi! Anthu amakamvera m'galimoto, kukhitchini, popanda kukwera kuchimbudzi. Uku ndi kuba. Wailesi ndi wailesi, CD ndi CD.

"Dalitso satchula munthu," akutero Mai Phiri. "Mwana woleredwa bwino."

Ineyo ndinaleredwa ndi afisi?

Lachinayi

M'mawa ndikuyeserera moni wopanda mayina pagalasi la kubafa.

"Moni kwa bambo ena aatali a ku Coolock, akudzidziwa okha."

"Moni kwa mayi ena onenepa bwino amene amaphika thobwa."

"Moni kwa mkulu wina wochokera dziko loyandikana nafe, amene sagwira ntchito ina iliyonse, ngakhale manja ake atuwa ndi sopo."

Mayi a Tadala aseka mpaka kukhala pansi mukhonde. "Mukumveka ngati apolisi akulengeza akuba." Tadala naye wayankha kuchipinda kwake m'Chingerezi chake cha m'mphuno, kuti adadi mukuchititsa manyazi. Mwana amene Chichewa amamva chonse koma kuyankha amayankha ngati mwana wa Fintan.

Mayi ake akunena zoona, koma sindiwauza. Moni wopanda dzina ndi ndiwo zopanda mchere. Munthu angaimbe foni bwanji kuthokoza moni umene sakudziwa ngati ndi wake?

Masana ndapita kumunda wa kabichi uja, kumene kuli mlongoti. Fintan anandiuzapo kuti pansi pa mlongoti anakwirira mawaya, ndipo nthaka ikanyowa mawu amapita patali. Ndipo taonani tsoka: dziko limene mvula imagwa ngakhale m'thumba la malaya, sabata ino kuli gwaa. Ndatenga ndowa, ndathiramo mchere wa m'paketi popeza AM imakonda zamchere, ndayamba kuthirira. Munthu wamkulu, wogwira ntchito za ndege, ndikuthirira chitsulo.

Mwini munda watulukira ndi galu wake. Mlimi ameneyu anali pafupi kugulitsa mundawu kwa omanga nyumba, mlongoti ukanazulidwa chaka chatha, koma omangawo anagwa asanasaine. Ndiye risesheni imene ikupha wailesi ndi yomwenso yaisungira poimapo. Mlimiyo sakuseka nayo nkhaniyi. Walawa madzi a m'ndowa ndi chala. Wayang'ana kabichi wake. Wandiyang'ana ine. Zimene wanena sindinazimve zonse, koma galu anazimva, ndipo ndapeza kuti ndimathamangabe ngati mnyamata.

Ndili m'basi, nsapato zili matope okhaokha, mpamene nzeru ikundifikira: nthaka ndanyowetsayo ikankhanso mawu a Dalitso. Mlongoti ndi umodzi. Ndakhala tsiku lonse ndikutungira madzi mdani wanga.

Lachisanu

Ndadutsira ku situdiyo kukasankha nyimbo za mawa. Ndapeza zinthu zitatu zimene zandikwiyitsa.

Choyamba, Dalitso ali ndi kiyi. Kiyi wa situdiyo! Ine mpaka lero ndimagogoda, n'kumadikira pamphepo ngati wogulitsa matemba.

Chachiwiri, ali ndi kapu yakeyake. Ine ndimamwera ya alendo, yothyoka chogwirira.

Chachitatu ndiye chondimaliza. Mkulu wa mabokosi a maliro uja wapempha kuti uthenga wake wa malonda uziwerengedwa ndi Dalitso. Akuti mawu ake amatonthoza. Fintan akumusisita paphewa, akumutcha "pulofesa". Ine ndinawerengapo uthenga umenewo kamodzi, ndi mphamvu zanga zonse, ndi kakuseka pang'ono kumapeto kuti anthu asaope. Akuti mabanja ena anadandaula. Anthu osayamika.

Pulofesa! Masitazi yake ndi ya za nthaka. Munthu kuwoloka nyanja zonsezi kudzaphunzira dothi, limene ine ndinkalidya ndili mwana.

Ndiye pamene ndikutuluka, kamnyamatako kakunditsatira pamasitepe, manja kumbuyo, ulemu wonse: "Akulu, ndamva kuti mawa mukufuna kupereka moni. Ndimati mwina mayina muwasiye. Anthu athu kuno aliyense ali ndi zifukwa zake."

Aha!

Ndaugwira mtima wake. Akuopa! Akudziwa kuti ndikangotchula dzina limodzi, foni iyaka moto, sikafu yake ipsa nayo. Mdani akakuuza kuti usadutse njira iyi, dziwa kuti kumeneko ndiye kuli uchi. Ndamuthokoza mwaulemu, ndamutchanso pulofesa, ndatsika masitepe ndikuimba mluzu.

Mawa mayina athunthu. Anthu amakana pakamwa pokha. Ndi ulemu wa Chimalawi umenewo, ngati mlendo wokana chakudya uku akusamba m'manja.

Mayi a Tadala akusita malaya anga osandiyang'ana. Akuti: "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Ndawauza kuti mlomo wanga ndi umene unawakopa. Akuti ayi, inali njinga yanga.

Loweruka

Suti. Tayi yofiira. Pa wailesi anthu saona, koma tayi imamveka m'mawu.

Thu koloko Dalitso wayamba. Akufotokoza momwe ungachotsere nkhungu pakhoma la nyumba ya lendi. Theka la ola, nkhungu! Fintan akugwedeza mutu ngati akumva Chichewa. Foni yalira mwa apo ndi apo. Agogo achizungu okhaokha, wina akuti mnyamatayo amamuthandiza kugona masana, wina walakwitsa nambala, amafuna takisi.

Hafu pasiti thu. Mpando ndi wanga. Lamulo la pano ndi lakuti amene sali pa maikolofoni ndiye amayankha foni, ndiye Dalitso wakhala pakona ndi kapu yake, kalaliki wanga.

"Muli ndi ine Namondwe! Coolock, mwadzaza pamasitepe? Tsekulani chitseko chija!"

Ndayamba bwinobwino, ndi odzidziwa okha aja. Foni zii. Ndayang'ana Dalitso, akuuzira tiyi. Fintan akuyang'ana wotchi. Magazi andikwera kumutu.

Ndatsekula mpope.

Moni kwa a Banda, mwana wa ku Chipata, katswiri wotsuka magalimoto, amene galimoto akaigwira imawala ngati yatsopano! Moni kwa a Mbewe a ku Dedza, mnzanga wa Loweruka lililonse ku mahatchi, ndikuti hatchi yanu ija ikadali m'njira, musataye mtima! Ndipo moni wapadera, wa ulemu, woimirira, kwa Mai Phiri, mayi wolimbikira, amene angomaliza kufolera chinyumba cha malata ofiira ku Area 25! Amayi inu tengerani chitsanzo!

Ngriii!

Foni yalira. Yaliranso. Dalitso akangoiika pansi, ikulira. Sindinaonepo zotere! Fintan wandikwezera zala zazikulu zonse ziwiri, mano onse panja. Ine ndikuwonjezera moto, mayina akungotuluka okha, ndi a anthu amene sindinawafunse n'komwe. Pakona ndikumva Dalitso akuti "pepani mayi", "pepani bambo", "ayi, sanatanthauze choncho", thukuta lili kamukamu, sikafu wavula. Ndikuganiza kuti ndi nsanje.

Kenako akupereka foni kwa Fintan. Akuti woimbayo akufuna mwini wailesi.

Ndi Mai Phiri. Ndikuwamva ngakhale ndili ndi mahedifoni kumutu. Mayi amene akhala zaka zonsezi akusambitsa nkhalamba za ku Dublin, Chingerezi chimene anaphunzira kumeneko si cha m'buku. Ndi chija nkhalamba imalankhula madzi akazizira. Nkhope ya Fintan yachoka kufiira, yapita kuyera, yafika mtundu wa phala. Ndamva mawu oti loya. Ndamva mawu oti laisensi. Ena aja sindingalembe, buku lino Tadala amalipeza.

Ndili pakati popereka moni kwa apongozi a munthu wina, kagetsi kofiira kosonyeza kuti mawu akuulutsidwa kazima. Fintan waika nyimbo ya akodiyoni. Yatha, waikanso yomweyo.

Ndi Dalitso amene wandifotokozera tili pamasitepe. Anthu onse anali malo amodzi, paja ndinawasonkhanitsa ndekha. A Phiri, amuna a Mai Phiri, anali pasitepe yoyamba. Akazi a Mbewe pasitepe yachitatu, ndi mwana kumbuyo, akudikira amuna awo aweruke ku shifiti. A Banda akuti sanadikire n'komwe kuti ndimalize chitamando chawo, anatulukira khomo la kukhitchini n'kulumpha mpanda.

Koma foni inalira. Zimenezo palibe angatsutse. Chiyambire wailesi ya ku Skerries, foni sinalirepo choncho.

Lamulungu

Tchalitchi chathu chimakumana m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Coolock, pakati pa ogulitsa matayala ndi fakitale yotsekedwa. Ndalowa. Nthawi yopatsana moni yafika. Abusa akuti tembenukira kwa mnzako umugwire chanza.

Ndatembenukira kumanja, msana. Kumanzere, msana. Munthu amene dzulo ndinapereka moni kwa Dublin yense, lero ndagwirana chanza ndi mkazi wanga yekha, nayenso ndi nsonga za zala.

Wandiyandikira ndi mmodzi, a Phiri, potuluka. Akuti: "Zikomo achimwene, sindimadziwa kuti ndine landilodi." Sakuseka. Akazi awo ali patali, akundiyang'ana ngati nkhuku ya pa Khirisimasi.

A Mbewe akuti agona m'galimoto, ndipo galimotoyo ndi ya mnzawo. A Banda sanapite kotsuka, akhala m'nyumba makatani otseka, kudikira a imigireshoni. Palibe wabwera. Abwera bwanji? Amene anamva ndi nsomba, agogo a ku Skerries osadziwa Chichewa, ndi anthu amene ndinawagulira ndekha mawailesi. Ndikanangokhala osagawa, bwenzi nditatchula mayina onse mpaka a makolo awo popanda wodandaula. Mawa ndipita kwa a Banda ndi nkhuku. Akakana kutsekula ndidzaisiya pawindo.

Pakhomo pathu tapeza jumbo yakuda. Mawailesi onse abwerera, ndi ya korona yomwe.

Fintan waimba masana. Ola ndi la Dalitso. Akuti foni inalira kwambiri kwa ine, zimenezo akuvomera, koma mtima wake sungapirire kupambana kwina kotere. Akutinso sakudziwa ngati wailesi yeniyeniyo ifika chilimwe, makina aja ayamba kununkha ngati tsitsi lopsa.

Kenako Dalitso. Akuti wapempha mdala kuti kumapeto kwa ola lake ndizibwera kudzawerenga za nyengo ndi nthawi imene nyanja ikwere ndi kutsika, za asodzi. Mphindi ziwiri. "Mulibemo dzina la munthu, akulu," akutero, ulemu wonse. Kamnyamata koipa mtima, sikakupatsa n'komwe mpata wodana nako bwinobwino.

Ndamuuza kuti ndiganizira. Ndavomera asanadule foni. Omvera anga enieni ali kunyanja komweko, ndipo nyanja ikamva Namondwe akuitchula, ikwera ndithu, muona.

Mayi a Tadala atenga wailesi imodzi m'jumbo muja, aiika pawindo la kukhitchini. Sindinafunse kuti akufuna kumvera ndani.

Za ketulo zija. Gogo uja alipodi, ketulo inalankhuladi, anabwera yekha ku situdiyo kudzatiuza. Kulapa machimo ndiye ndinawonjezera, ndi kena kamodzi. Mawu amene anatuluka m'ketulomo anali ofotokoza momwe ungalembetsere mwana sukulu.